Dobi wa Kumunsi kwa Khwawa

A Khalfan anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito sanasamuke. Anakhalabe m'nyumba imene anabadwiramo, m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Suwaiq, pamalo pamene khwawa lochokera kumapiri limathera m'nyanja. Khwawalo linali louma chaka ndi chaka. Anthu ankaimikamo magalimoto, ena anamangamo makola a mbuzi, ndipo nyumba zinkangosenderasendera m'mphepete mwake ngati kuti madzi analumbira kuti sadzabweranso.

Ana awo onse, kuyambira mwana woyamba Nasser, anali pa ntchito mumzinda wa Muscat. Pakhomo anatsala awiriwiri ndi akazi awo, mayi Zuwena, amene zaka ziwiri zapitazo anafa ziwalo mbali imodzi. Mwendo sunkayenda, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka mokoka. Chichokereni kuchipatala mayiwo anali asanapondepo kunja kwa geti. Anzawo akabwera kudzawazonda, ankatuma amuna awo kuti akanene kuti agona.

Pakona pa mpanda wa a Khalfan, kumunsi kwenikweni kwa msewu, panali kachipinda kamene munkagwira ntchito dobi wina, wochapa zovala wa ku Bangladesh, dzina lake Mofizul. Anali atachapa ndi kusita zovala za mudzi wonse zaka khumi ndi chimodzi. M'mawa ankazungulira pa njinga kutolera mitolo ya zakuda, madzulo n'kubweza zoyera zitakutidwa m'mapepala apulasitiki. A Khalfan ankalankhula naye tsiku lililonse, koma nkhani yake inali ya makwinya a pamkanjo basi. Sankadziwa ngati ali ndi ana, kapena kwawo kwenikweni n'kuti.

Lachinayi lina, wailesi inayamba kunena za namondwe amene anali pakati pa nyanja. Itatha swala, pemphero la chakumadzulo, amuna anakhala pakhonde la mzikiti monga mwa masiku onse, khofi akuzungulira m'timakapu, mbale ya tende, zipatso za kanjedza, ili pakati. Amene ankalamulira macheza anali a Darwish, msodzi wokalamba wa pakamwa ngati lumo.

"Namondwe amadziwa njira yake," anatero a Darwish akulavula nthangala ya tende. "Amapita ku Sur, amapita ku Salalah. Kuno adzatani? Adzagule nsomba zouma?"

Anthu anaseka. Mofizul anali pansi pa masitepe akuvala nkhwaira zake, njinga itatsamira khoma. Masiku onse akatha kuswali ankangopita, koma tsiku limeneli anaima.

"Pepani, akuluakulu. Ndinenepo mawu amodzi?"

"Taonani, simbi yayamba kulankhula!" anatero a Darwish. "Nena, mwana wanga. Wawotcha mkanjo wa yani?"

Mofizul sanaseke. Chiarabu chake chinali chothyokathyoka, koma aliyense anamva.

"Kwathu ndi pachilumba, pamene mtsinje umakumana ndi nyanja. Namondwe ndimam'dziwa ngati mmene inu mumadziwira nsomba. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ananditengera amayi ndi alongo anga awiri tsiku limodzi. Nafenso tinkati apita kwina. Nditakula ndinalowa gulu lochenjeza anthu, ndinkayenda m'midzi ndi chimkuzamawu. Chimene chimapha anthu ambiri si mphepo ayi, ndi madzi. Nyanja ikwera kuchokera uku, khwawa litsika kuchokera uko. Zidzakumana pamsewu wathuwu."

Mofizul anapitiriza.

"Ndifunseko. M'mudzi muno, amene sangathawe ndi miyendo yawo alipo angati?"

Wina anati atatu. Wina anakumbuka nkhalamba ina yakhungu, n'kunena kuti anayi.

"Alipo khumi ndi anayi," anatero Mofizul. "Ndimadziwa chifukwa ndimachapa nsalu zawo zogonera. Nyumba imene imandipatsa nsalu tsiku ndi tsiku, muli munthu amene sadzuka."

Sanatchule dzina la munthu, sanayang'anenso kumene kunali a Khalfan. Koma a Khalfan anamva nkhope ikutentha. Anasiya khofi wawo osam'maliza, n'kunyamuka osatsanzika.

Kunyumba anafikira kuchipinda kwa akazi awo, mtima ukuwira. "Munthu timam'patsa zovala kuti achape, iye akukaziyanika pamzikiti! Za kuchipinda kwathu zikhale nkhani ya pa khofi?"

Mayi Zuwena anamvetsera nkhani yonse. Kenako anafunsa, liwu limodzilimodzi. "Wanama?"

"Sananame."

"Nanga mwakwiyira chiyani? Ine sindituluka muno, zimenezo iwalani. Koma enawo? Ndani awanyamule? Pitani mukamve zimene akunena."

M'mawa mwake a Khalfan anatsikira ku kachipinda ka dobi. Anapeza simbi ili yozizira. Mofizul anali atang'amba katoni n'kujambulapo mudzi wonse, msewu ndi msewu, ndipo pa nyumba khumi ndi zinayi panali timadontho tofiira.

"Ndinabwera kudzakukalipira, koma mawu ndawaiwala panjira," anatero a Khalfan. "Tandionetsa chimenecho."

"Mundikhululukire, bwana. Sindinafune kukuchititsani manyazi."

"Zisiye zimenezo. Ukufuna tichite chiyani?"

Mofizul anawayang'ana m'manja. "Basi mungayendetsebe?"

"Iwe, basi ndinaiyendetsa usanadziwe kupukuta mamina."

Itatha swala ya Lachisanu, shehe anaitana Mofizul kutsogolo. A Khalfan anaima pambali pake, kumawongola mawu pamene Chiarabu chapunthwa. Boma linali litalengeza kale kuti othawa akakhale pasukulu ya pamtunda, kuseri kwa msewu waukulu. Koma Mofizul anati kulengeza n'kwina, kufika n'kwina. Anati pa aliyense wa anthu khumi ndi anayi aja pakhale anthu awiri otchulidwa maina, chifukwa ntchito ya "wina aliyense" imagona panja. Anati mankhwala a odwala anyamulidwe limodzi ndi eni ake. Makalata a nyumba, ziphaso ndi zithunzi zikutidwe m'mapepala apulasitiki, ndipo iye apereka onse amene ali nawo. Zigubu za madzi akumwa zikwezedwe pamadenga n'kumangidwa, chifukwa madzi akaphwa mipopi idzakhala itafa. Mbuzi zichoke m'khwawa. Maboti akokeredwe kuseri kwa minda ya kanjedza. Pomaliza anapempha chingwe cha asodzi, chachikulu, kuti chimangidwe m'mizati kuyambira pamwamba pa msewu mpaka kumunsi.

"Chingwe n'chachiyani? Ukufuna kuyanikapo mikanjo yathu?" anafunsa a Darwish.

"N'cha munthu mmodzi amene adzabwerere, amalume. Nthawi zonse amakhalapo mmodzi."

Shehe anangowonjezera mawu ochepa. Anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo madzi saiwala khwawa.

Loweruka lonse mudzi unali piringupiringu. Kumwamba kunali koyera, dzuwa likuswa mtengo, moti ena ankagwira ntchito akung'ung'udza. A Darwish anakoka boti lawo akutukwana thirakitala, koma analikoka. Amayi anaphika mpunga wambiri, kulongedza tende ndi nsomba zouma. A Khalfan anakabwereka basi kwa amene kale anali abwana awo, ndipo atagwira chiwongolero anamva ngati zaka khumi zawachokera pamsana. Mofizul anali paliponse, pa njinga yake, kugogoda pamakomo, kuyesa mfundo za zingwe, kuonetsa anthu pozimitsira magetsi a nyumba yonse. A Khalfan atam'funsa za makina ake ochapira, anati, "Pambuyo pake, bwana." Pambuyo pakepo sipanafike.

Lamlungu kunacha ndi mitambo yakuda bii, nyanja ikubangula ngati yalusa. Basi inayenda maulendo anayi kupita kusukulu. Pofika chakumasana, pa timadontho khumi ndi tinayi tija panatsala kamodzi.

A Khalfan anagwada pambali pa bedi. "Mayi a Nasser, chonde. Mvula yayamba."

"Ndinanena kale. Mukwezeni bedi pa njerwa. Mulungu alipo."

"Mulungu alipo, n'chifukwa chake watipatsa basi."

Mayi Zuwena anatembenukira kukhoma. "Msewu wonse undione? Akundinyamula ngati thumba, dovu likutuluka? Amene anandiona ndikuvina pa ukwati wa Nasser? Ayi."

A Khalfan anatuluka mutu uli pansi. Pageti anapeza Mofizul ali ndi mayi Shamsa, mnansi wawo, amene anakula limodzi ndi mayi Zuwena. Atawafotokozera, Mofizul anaganiza kanthawi, n'kuthamangira ku kachipinda kake. Anabwera atasenza mtolo wa nsalu zogonera, zoyera, zosita bwino, n'kuupereka kwa mayi Shamsa. Sanafunike kunena zambiri. Mayiwo anaitana amayi anzawo asanu ndi mmodzi amene anali kale m'basi. Anatambasula nsalu zija, n'kuima mizere iwiri kuyambira pakhomo mpaka pachitseko cha basi, manja ali m'mwamba, nkhope atayang'ana kunja. Amuna onse anauzidwa kuti ayang'ane kunyanja.

Mayi Shamsa analowa okha kuchipinda. A Khalfan, ali pakhonde, anamva mawu awo.

"Iwe Zuwena, zaka ziwiri ukundiuza kuti wagona. Lero wagonanso? Dzuka. Panja pali akazi asanu ndi mmodzi manja akuwawa, mphepo ikuwalanda nsalu. Palibe akuone koma ine, ndipo ine ndinakuona uli ndi chipere m'mutu."

Kunamveka phokoso lachilendo. A Khalfan anayamba aganiza kuti akazi awo akulira, kenako anazindikira kuti akuseka. Anawakhazika pa chikuku, n'kuwayendetsa pakati pa makoma a nsalu zikupepheruka. Pofika pabasi anawanyamula okha, msana n'kuvomera.

Kusukulu, Mofizul anaima pakhomo ndi katoni yake, kuitana nyumba ndi nyumba. Mvula inali itayamba kugwa chopingasa, masamba a kanjedza akuuluka ngati mapepala. Atafika pa dzina la a Darwish, palibe anayankha. Wina anati anawaona akutsika njira ya kumudzi, ati aiwala kutsegulira nkhunda zawo.

A Khalfan ndi Mofizul anangoyang'anana, n'kuthamangira kubasi.

Anafika pamwamba pa msewu wa m'mudzi, basi sinathe kupitirira. Msewu unali utasanduka mtsinje wofiirira, ukukokolola zitseko, matayala ndi firiji ya munthu wina. Nyumba ya a Darwish inali yachinayi kuchokera pamenepo. Anawaona ataima pageti, madzi ali m'chiuno, atakumbatira chipilala.

"Inu khalani apa, bwana. Injini isazime."

"Ubwerere wamoyo, wamva?"

Mofizul anavula malaya, n'kugwira chingwe chija. Anatsika mzati ndi mzati, madzi akum'menya pachifuwa. Kawiri anaterereka, a Khalfan n'kungoona manja okha pachingwe. A Khalfan anatchula maina onse a Mulungu amene anawakumbukira. Patapita nthawi imene sanathe kuiyeza, anaona mutu wa Mofizul ukubwerera, kumsana kwake kuli nkhalamba itam'kolekera manja m'khosi.

Anawakokera m'basi onse awiri. A Darwish ankanjenjemera mano gwegwegwe, ndevu zili matope okhaokha. Kenako anati, "Nkhunda ndazitsegulira."

"Mwachita bwino, amalume," anayankha Mofizul akupuma mwabefu.

"Ndiye munthu mmodzi wobwerera uja ndine?"

"Ndinu, amalume."

"Ukanangonena dzina langa pamzikiti paja, anthu akanandimanga." Anatambasula dzanja n'kugwira bondo la Mofizul, ndipo sanalisiye mpaka kusukulu.

Namondwe anawomba mpaka kucha. Anthu analoledwa kubwerera kumudzi Lachiwiri. Madzi anali atafika m'mawindo. M'nyumba munali matope ofika m'mawondo, makapeti, mabedi ndi masofa zili mbwee m'misewu. Makola a m'khwawa anapita osasiya ndi msomali womwe. Mpanda wa a Khalfan unagwa mbali yonse ya kumunsi. Amayi ena anangokhala pansi n'kuyamba kulira.

Koma shehe atayenda nyumba ndi nyumba kufunsa, sanapeze maliro. Anthu onse analipo, khumi ndi anayi aja analipo, mbuzi zinali kuphiri zikudya minga. Mipopi inali itafadi, ndipo kwa masiku anayi, mpaka magalimoto a madzi atafika, mudzi unamwa za m'zigubu za pamadenga.

A Khalfan anayenda mozungulira nyumba yawo, kenako anatsikira pakona. Kachipinda ka dobi kanalibe chitseko, kanalibe khoma lakutsogolo. Makina ochapira awiri anali atakokoloka, amodzi anapezeka m'munda wa kanjedza atadzaza mchenga. Matiresi amene Mofizul ankagonapo, sutikesi yake, zonse zinapita. Mwini wake anali atakhala pa njerwa, atagwira simbi yodzaza matope, akuipukuta ndi chala.

"Bwanji simunatulutse katundu wanu?" anafunsa a Khalfan. Anadzimva okha kuti anena "simunatulutse," mwaulemu, osati "sunatulutse," ndipo sanabweze.

Mofizul anakweza mapewa. "Makina sadziwa kumira, bwana. Amangowonongeka."

A Khalfan anayang'ananso kachipindako. Anabwerera kumtunda kwa msewu, kumene amuna ankagawana mafosholo, aliyense akufuna kuthamangira kunyumba kwake.

"Abale," anatero, "nyumba zathu zidikire. Tiyambe pakona."

"Abu Nasser wanena zoona," anatero a Darwish, akuwatchula monga ankachitira anzawo, potengera dzina la mwana wawo woyamba. "Tiyeni. Nanga tikaswali Lachisanu titavala matope?"

Tsiku limenelo amuna makumi awiri anakumba matope m'kachipinda kamene simukanatha kulowa anthu asanu nthawi imodzi, kumalandizana ndowa mpaka kukhwawa. Wina amene ankadziwa zamagetsi anamasula makina amene anapezeka aja n'kunena kuti akhoza kudzuka. Wina anabweretsa chitseko. Mayi Shamsa anatumiza mkanjo ndi malaya a malemu amuna awo. Mofizul ankangozungulira, kuyesa kulanda fosholo kwa akuluakulu, iwo n'kumam'kankha.

Nyumba ya a Khalfan inali ndi chipinda chimodzi pamwamba chimene madzi sanafikemo, ndipo ndi mmene anasamukira. Madzulo ake mayi Zuwena anaitana amuna awo.

"A Mofizul agona kuti?"

"Ati kumzikiti."

"Chipinda cha Nasser chikawuma, n'chawo. Lero aitaneni. Adye kuno."

"Kuno? Pamaso panu?"

"Nsalu zanga akuzidziwa. Nkhope ndiye ingawaopse?"

Mofizul anakwera masitepe atavala mkanjo wa eni ake, wautali mpaka kukwekwa pansi. Anakhala pamkeka mwamanyazi, maso pansi. Chakudya chinali mpunga ndi nsomba zouma, zophikidwa pa kachitofu ka gasi. Mayi Zuwena anam'sunthira mbale ndi dzanja lawo lamoyo, ndipo nthawi iliyonse akati wakhuta, ankaisunthanso.

Ali mkati mwa kudya, foni ya Mofizul inalira. Mafoni anali atangoyamba kugwira masana omwewo. Anayang'ana, n'kufuna kutuluka.

"Yankhirani pompano," anatero a Khalfan. "Ndani?"

"Akazi anga. Anaona pa TV. Masiku atatu sanadye."

Pafoni panaoneka mayi wovala mpango wobiriwira, kumbuyo kwake atsikana awiri akulimbirana kuti aoneke. Mayiyo ankalira ndi kukalipa nthawi imodzi, Mofizul akuyankha motsitsa mawu m'chinenero chawo. A Khalfan anadikira mpaka mkuntho umenewo utachepa, kenako anatambasula dzanja.

"Ndipatseni."

"Samva Chiarabu, bwana."

"Ndipatseni basi."

Anagwira foni patali ndi nkhope monga amachitira okalamba, n'kupereka moni wa mtendere. Umenewo mayiyo anaumva, n'kuyankha. Kenako a Khalfan anayamba kulankhula. Anamuuza za katoni ya timadontho tofiira, za nsalu, za chingwe, za nkhalamba imene inabwera pamsana. Anamuuza kuti m'mudzi wonse simunafe munthu. Anati zaka khumi ndi chimodzi amuna ake akhala pakona pa mpanda wawo, iwo osafunsa n'komwe ngati ali ndi ana, ndipo lero ndi pamene akuona nkhope za atsikanawa. Anathokoza mayiyo chifukwa chokhala yekha zaka zonsezo. Misozi inkatsikira m'ndevu, iwo osaipukuta.

Mayi uja sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachifuwa. Kenako nayenso analankhula, nthawi yaitali ndithu, akuloza amuna ake ndi chala.

"Akuti chiyani?" anafunsa mayi Zuwena.

Mofizul anakanda m'mutu. "Akuti zikomo, Mulungu akusungeni. Akutinso ndaonda, ndipo mkanjowu si wanga."

"Auzeni kuti za kuonda tithana nazo ife," anatero mayi Zuwena, n'kum'sunthiranso mbale.